Ubale sukhala wa munthu mmodzi

M'timabuku ta zauzimu timene tikugawidwa m'mipingo masiku ano, ngakhalenso m'maulaliki a pa wailesi, mwafala kanenedwe kena kamene khutu la mwini Chichewa silikalandira bwino. Mkhristu akulangizidwa kuti akhale ndi "ubale wa payekha ndi Mulungu", pena akuti "ubale wa iye mwini", ndipo alaliki ena a m'tauni, poona kuti mawuwa sakukhala bwino pakamwa, amangoponya liwu la Chingerezi lija lakuti relationship n'kupitiriza ulaliki. Amene anaphunzirako za ubusa akudziwa kumene kanenedweka kachokera. Ndi chiphunzitso cha mipingo ya chitsitsimutso ya ku Britain ndi America, chotsindika kuti munthu aliyense ayenera kudziwana ndi Khristu mumtima mwake. Chiphunzitsocho chili ndi choona chake, koma chikalowa m'Chichewa chimatsimphina, chifukwa ubale ndi payekha ndi mawu okanana. Ena akuona kutsimphinaku ngati umphawi wa chinenero chathu. Ine ndikuti Chichewa chikukana kunena chinthu chimene Malembo eniakewo sanena, ndipo mpingo ukadachita bwino kumvera kukanako m'malo mopotoza mawu kuti agonjere ganizo lobwera.

Ubale munthu sausankha, amabadwiramo. Sabadwiramonso yekha, pakuti tsiku limene wakhala mwana wa uje ndi tsiku lomwelo limene wakhala mphwake wa wina, mlongo wa wina, mdzukulu wa wina. Ubale uli ndi mangawa ake: kukazonda matenda, kugona pa maliro, kuthandiza pa ukwati, kulera ana amasiye. Munthu angathe kukwiyira mbale wake zaka zambiri osalonjerana naye, koma ubalewo sufafanizika, n'chifukwa chake akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiwola. Tsono Mkhristu akanena kuti ali pa ubale ndi Mulungu, liwulo limakoka anthu ena onse otchula Mulunguyo kuti Atate, afune asafune. Apa Chichewa ndi Malembo zikuyenda njira imodzi. Pemphero limene Yesu anaphunzitsa ophunzira ake limayankhula m'dzina la anthu ambiri kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo limamanga chikhululukiro chimene tikupempha pamodzi ndi chimene tikupereka. Pa Mateyu 5, wobwera ndi chopereka akuuzidwa kuti achisiye kaye, akakonze mlandu ndi mbale wake. Kalata yoyamba ya Yohane, mutu 4, ikutcha wabodza munthu wonena kuti amakonda Mulungu pamene akudana ndi mbale wake. Wowonjezera payekha pa ubale akudula chimene ndime zonsezi zalumikiza.

Alipo amene, pozindikira vutoli, asankha liwu lakuti ubwenzi, ndipo mabuku a zipembedzo zina amakamba kwambiri za kukhala pa ubwenzi ndi Mulungu. Sakusowa poyimira. Kalata ya Yakobo ikuti Abrahamu anatchedwa bwenzi la Mulungu, ndipo pa Yohane 15 Yesu akutcha ophunzira ake abwenzi. Ubwenzi uli ndi kutentha kumene ubale nthawi zina umasowa, ndiponso uli ndi ufulu, popeza bwenzi umachita kumusankha. Koma ufulu womwewo ndiwo ukuulepheretsa kukhala liwu lotsogolera. Chimene wasankha ungathenso kuchisiya, pomwe chikhulupiriro chachikhristu chimati Mulungu ndiye anayamba kusankha. Komanso tamvetserani mmene olankhula Chichewa amapempherera. Bwenzi la ponda apa nane mpondepo timaliti iwe, koma ngakhale munthu apemphere akulira, mtima uli poyera, Mulungu amamutchula kuti Inu. Palibe bungwe limene linalamula zimenezi. Pakamwa pa anthu pakuchitira umboni kuti wopempherayo akudziona ngati mwana pamaso pa kholo. Tisaiwalenso kuti pafupi penipeni ndi ubwenzi pali chibwenzi, liwu limene achinyamata amalimva mwamtundu wina, ndipo ndi tanthauzo lomwelo limene relationship watenga m'makambidwe a m'tauni. Ubwenzi ukhalepo ndithu, koma ukhale wofotokoza kukoma kwa ubale, usaulowe m'malo.

Liwu lachitatu ndi chiyanjano, limene mipingo yambiri imalimva sabata ndi sabata m'mawu a mdalitso ochokera kumapeto kwa 2 Akorinto. Tsinde lake ndi kuyanja, ndipo kachidutswa ka -an- kamene kali m'kati mwake ndi kamene Chichewa chimasonyezera kuti ntchito ikuchitika mbali zonse ziwiri, monga m'mawu akuti kukondana, kumvana, kukhululukirana. N'zochititsa chidwi kuti pamene Akhristu a kuno anatcha okha mayina a magulu awo, anathamangira ku mawu a mtundu womwewu. Amayi a CCAP a Sinodi ya Blantyre ndi a Mvano, a Sinodi ya Nkhoma ndi a Chigwirizano, ndipo a Livingstonia m'Chitumbuka ndi a Umanyano. Akatolika, kuyambira pa sinodi yaing'ono ya dayosizi ya Lilongwe imene Episkopi Patrick Kalilombe anatsogolera kuchokera mu 1973 mpaka 1975, anakhazika moyo wa mpingo pa miphakati, monga a CCAP ali ndi milaga yawo. Tsono tili ndi mawu atatu pamene Chingerezi cha alaliki chikugwiritsa ntchito limodzi. Ubale ndi chimene tapatsidwa, chiyanjano ndi umoyo wa ubalewo, umene umatha kudwala n'kuchira, ubwenzi ndi kuzolowerana kumene kumakula m'kati mwake. Mlaliki wosiyanitsa atatuwa angathe kuuza wochimwa kuti chiyanjano chasweka koma ubale ulipo, ndipo uwu ndiwo mtima wa fanizo la mwana wolowerera. Mlaliki wa liwu limodzi lija afunika chiganizo chachitali kuti anene zomwezo.

Nkhani ya ubale ikutithandiza kuweruza mlandu wina umene wakhala ukuzengedwa pa liwu lakuti kupemphera. Liwuli likuchokera ku kupempha, ndipo aphunzitsi ena amadandaula kuti limachepetsa pemphero, n'kulisandutsa mndandanda wa zosowa: ntchito, machiritso, fizi, banja. Amati kuyamika, kutamanda, kulapa ndi kusinkhasinkha zimatsalira kunja. Dandauloli lili ndi maziko, makamaka m'nyengo ino imene mapemphero a usiku wonse ambiri akungozungulira pa madalitso. Komabe cholakwa sichili m'liwumo. Chichewa chimasiyanitsa bwino lomwe kupempha ndi kupemphapempha. Mwana amapempha kwa kholo lake, mnansi amapempha moto kapena mchere kwa mnansi mnzake, ndipo palibe manyazi chifukwa pempholo likutsamira pa kudziwana kumene kunalipo kale ndipo kudzakhalapo mawa. Wopemphapempha amatambasulira dzanja aliyense wodutsa, akalandira n'kuiwala nkhope ya wopatsayo. Chosiyanitsa awiriwa ndi ubale. Pemphero likachotsedwa mu ubale limasanduka kupemphapempha, ndipo munthu amayendayenda kwa mneneri uyu ndi uyo kufuna kumene kukutuluka msanga. Likakhala mu ubale, kuyamika ndi kulapa zimabwera zokha, pakuti mwana wopempha kwa kholo amadziwanso kuthokoza ndi kupepesa. Liwu latsopano silikufunika. Chofunika ndi kubwezera kupemphera pamalo pake.

Kupembedza nako kuli ndi mbali ziwiri. Ndi liwu limene latipatsa chipembedzo ndi kupembedzera, koma m'makambidwe a tsiku ndi tsiku timatinso "amafuna tizimupembedza" ponena za munthu wovuta, wofuna kunyengereredwa. Mkhristu wosaphunzitsidwa bwino angaganize kuti Mulungu ndi wotero, wokwiya msanga, wofunika kumufewetsa ndi kusala kudya kapena ndi chopereka chachikulu. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, anapeza mankhwala a mantha amenewa m'mudzi momwemo. Pa Yohane 14, pofuna dzina la Mzimu Woyera amene Yesu analonjeza, ndiponso pa 1 Yohane 2 ponena za Khristu wotiyimira kwa Atate, anasankha liwu lakuti Nkhoswe. Nkhoswe tonse timaidziwa. Ndi mbale, kawirikawiri malume kapena mlongo, amene amayimira munthu pa ukwati, namakhala woyamba kuitanidwa banja likagwedezeka. Sagulidwa ngati loya, ndipo ntchito yake sithera pa tsiku la chikondwerero. Ndi liwu limodzi lokhalo omasulira aja anaphunzitsa kuti wotipembedzera ndi wa kwathu, ndipo cholinga chake ndi kuyanjanitsa. Ichi n'chimene ndimatcha kumasulira kwenikweni, kufunsa kuti ganizo ili anthu a kuno analisunga m'liwu liti.

Wina adzati: nanga si Yesu yemweyo anati wopemphera alowe m'chipinda n'kutseka chitseko? Nanga munthu angapulumuke ndi chikhulupiriro cha amayi ake? Mafunsowa ndi oyenera, ndipo alaliki a chitsitsimutso analondola podzudzula Chikhristu cha dzina lokha, cha munthu amene amati ndine wa mpingo chifukwa agogo anabatizidwa. Koma pa Mateyu 6 chimene chikudzudzulidwa ndi kudzionetsera, ndipo ndi m'mutu womwewo mmene wolowa m'chipindayo akupatsidwa pemphero lonena za ife. Payekha ndi liwu la malo, lonena kumene munthu wagwada. Silinena kuti Mulungu ndi wake yekha. Tinene kuti munthu apemphere payekha, alape ndi mtima wake, avomere ndi pakamwa pake. Zonsezi ndi Chichewa chomveka. Chosamveka ndi ubale wa payekha. Chitsutso china n'cholemerapo: ubale kwathu kuno uli ndi mbiri yoipa ya kukondera, ya wakwithu ndi wakumangwetu, ndipo mpingo wotsindika ubale ungasanduke fuko lina lotsekera ena kunja. Ngoziyi ndi yoona, ndipo mikangano ya malire a masinodi yaonetsa kuti Akhristu sali kutali nayo. Koma yankho lake lili m'fanizo la Msamariya, limene likufutukula tanthauzo la mnansi mpaka kufika kwa mdani. Uthenga Wabwino umakuza malire a ubale. Kuthawira ku liwu lopanda mangawa kungangotichotsera udindo, tsankho n'kutsala pomwepo.

Sindikudana ndi mawu obwereka. Tchalitchi, Baibulo, kwaya, Misa ndi sakramenti ndi Chichewa tsopano, ndipo wofuna kuwachotsa akungotaya nthawi. Tinawabwereka chifukwa zinthuzo zinali zachilendo. Koma pamene makolo anali nalo kale liwu, omasulira anzeru analitenga ngakhale linali ndi fungo la chipembedzo cha makolo. Kachisi, amene anali kanyumba kothirirako nsembe, anakhala dzina la nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu. Nsembe ndi wansembe zinalowa m'Malembo. Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira pamodzi, linafika poika Chauta pamene Buku Lopatulika linalemba Yehova. Anthu angatsutsane za chisankho chimenecho, koma mfundo yake ndi yomveka: bwereka chimene ulibe, usabwereke chimene uli nacho chochuluka. Pa nkhani ya kukhalirana kwa anthu, Chichewa sichisauka ayi.

Nanga bwanji kanenedwe kotsimphina kakufala? Gwero lake ndi mmene dziko lathu lasamalira zinenero zake. Chichewa chinalengezedwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, imene inatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha mu 2000. Koma maphunziro apamwamba, kuphatikizapo a ubusa ndi a unsembe, akhala akuchitika makamaka m'Chingerezi, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Zotsatira zake n'zakuti mbusa amaganiza za Mulungu m'chinenero china, n'kumamasulira ali chiyimire pa guwa, liwu ndi liwu, wopanda nthawi yofunsa ngati chimene chatuluka ndi Chichewa. Sindikupempha bungwe lina lolamula mawu kuchokera pamwamba. Njira ya 1968, imene inachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu, inasiya mabala amene sanapolebe, ndipo zimene ndikunena za Chichewa zikukhudzanso Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zina. Chimene ndikupempha n'chakuti masukulu a ubusa aziphunzitsa maphunziro ena a zaumulungu m'zinenero zimene ophunzirawo adzalalikiramo, ndi kuti olemba timabuku ta mpingo aziyesa mawu awo pa amayi a Mvano ndi akuluakulu a ku mphakati asanawasindikize. Mipingo imene inatha kukhalira pamodzi kumasulira Baibulo lonse singalephere kugwirizana pa mawu ochepa ophunzitsira pemphero, ndipo poyambira pabwino ndi kuchotsa payekha pambali pa ubale.