Kampani imene inagulitsidwa ife tili m'kati

Abale a m'mbali mwa nyanja, akuluakulu akaimba foni ku wailesi kwathu amakonda kunena za "nthawi ya Kampani". Ndifuna tikumbutsane kuti Kampaniyo inali yani.

Mu 1891 boma la Portugal linapereka cilolezo cakuti dziko lonse la pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lúrio, kucokera ku nyanja ya mcere kufika kuno, lilamulidwe ndi kampani. Dzina lake linali Companhia do Niassa. Inayamba kulamulira mu 1894, ndipo pambuyo pake inakhazikitsa malo ake pano pa Metangula. Inali ndi mphamvu zokhometsa msonkho wa nyumba, kusunga asipayi ndi kugwiritsa anthu cibalo.

Cimene makolo athu sanauzidwe n'cakuti eni ake ankasinthasintha. A ku Lisboa analibe ndalama zokwanira, conco masheya anagulidwa ndi Angelezi ndi Afalansa. Mu 1908 inagwidwa ndi Nyassa Consolidated, ya ndalama za migodi ya ku South Africa, ndipo phindu lake linakhala kutumiza amuna ku Joni kudzera mwa Wenela. Mu 1913 kulemba anthu a kuno kunaletsedwa cifukwa ambiri ankafera ku migodi. Pamenepo mabanki a ku Germany anagula masheya oculuka. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, boma la Britain linawalanda n'kuwagulitsa kwa Angelezi anzawo.

Zonsezi zinkathera pa mapepala, m'manja mwa maloya a ku London ndi Lisboa. Palibe mfumu ya kuno inafunsidwa. Mwini watsopano aliyense ankafuna kubweza ndalama zake msanga, msonkho n'kumakwera. Njanji imene analonjeza kucokera ku Porto Amélia, lero Pemba, kufika ku nyanja sinamangidwe. Mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland ndi ku Tanganyika, ndipo ena mwa abale athu a tsidya lija ndi zidzukulu zawo. Pa 27 Okutobala 1929 cilolezo cinatha, boma la Portugal n'kutenga dzikoli.

Lero lamulo la malo la 1997 likuti nthaka ndi ya boma, ndipo anthu a m'mudzi ayenera kufunsidwa kampani isanapatsidwe malo. Koma kampani ingagulidwe ndi ina osasintha dzina pa cikwangwani. Conco ndikupempha mafumu: cimene mwalonjezedwa cilembedwe, cisainidwe, ndipo pepala lanu lisungidwe m'mudzi. Mudzafuna kulionetsa kwa mwini amene simunamuonepo.