Geti la ku Senga Bay: mbiri ya mayina ndi mitengo

Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati foni yatsala ndi moto wochepa, kaitchajeni kaye.

Funso langa lero ndi ili: munthu amachoka ku Lilongwe, kuwotcha mafuta ulendo wa makilomita oposa 100, kudzalipira pageti kuti akhale pamchenga. Komatu akangoyenda pang'ono kufika pa doko la Nguwo, mchenga ndi womwewo, madzi ndi omwewo, ulere. Ndiye amagula chiyani kwenikweni? Ine mwana wa msodzi, amene ndinakula ndikuona mchenga ngati poyanika ukonde basi, ndaona kuti yankho lili m'mbiri.

Tiyambire pa njanji. Sitima ya pamtunda inafika ku Salima mu 1935, kuchokera ku Blantyre kudzera ku Balaka. M'zaka za m'ma 1930 zomwezo ndi pamene panamangidwa hotela kumpoto kwa gombe la Senga Bay, pansi pa phiri paja, n'kuitcha Grand Beach Hotel. Dzinali silinabadwire kuno ayi. Kwawo kwa azungu, m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ngati Brighton ndi Scarborough, hotela yapamwamba inkatchedwa Grand Hotel. Ndiye bwanamkubwa wa ku Zomba kapena mwini munda wa tiyi ku Thyolo akangomva dzinalo, ankadziwiratu kuti apeza nsalu yoyera patebulo ndi woperekera zakudya wovala zoyera. Dzina linkagwira ntchito ya geti. Agogo athu sankachita kuuzidwa kuti malowo si awo. Ankalowera kuseri, dengu la chambo lili pamutu, kapena ngati akhukhi ndi ochapa.

Panali mpikisano pang'ono. Mu 1949 ndege za BOAC zotera pamadzi, za ulendo wa pakati pa England ndi South Africa, zinayamba kuima ku Cape Maclear, komwe kunali hotela yolandira alendowo. Chaka chotsatira ndegezo zinasiya kubwera, hotela ija n'kufa. Malo achisangalalo kunyanja amakhala ndi moyo chifukwa cha njira yofikirako, ndipo apa Senga Bay inachita mwayi. Mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Kuchokera pamenepo gombe lathu linasanduka nyanja ya anthu a ku Lilongwe: akazembe, akuluakulu a boma, ogwira ntchito m'mabungwe. Maola awiri pagalimoto wafika. Mangochi anakhala a anthu a ku Blantyre, ife n'kupata likulu.

Pali china cha nthawi ya Kamuzu chomwe achinyamata simuchidziwa. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka linachotsedwa mu 1993. Koma m'malo a alendo kunyanja lamuloli linkafewa. Mkazi amene sakanayerekeza kuyenda ndi kabudula mu Lilongwe, akalowa mumpanda wa hotela kunyanja ankavala. Taganizani bwino pamenepo. Munthu sankalipira madzi okha, ankalipira kaufulu kakang'ono ka Loweruka ndi Lamlungu. Mpaka lero ndikaona anthu a m'tauni akuvina pamchenga ndi zovala zomwe sangavale kwawo, ndimati mwambo uja udakalipo. Geti limawatsekera kunja apongozi ndi akulu ampingo.

Tsopano dzina. Grand Beach inadzasinthidwa kukhala Livingstonia Beach Hotel. Apa ine ndimaseka. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako n'kukwera phiri ku Khondowe, m'boma la Rumphi, mu 1894. Salima mulibemo m'ndandanda umenewu. Koma pamsika wa alendo dzina la David Livingstone limalemera kuposa la Maganga, mfumu yaikulu ya dera lino. Mzungu ali ku Glasgow akaona Livingstonia m'kabuku ka maulendo, amamva ngati akupita kwa wachibale. Zotsatira zake, mpaka lero ukauza munthu kuti "ndili ku Livingstonia", amafunsa kuti iti, ya kuphiri kapena ya ku Salima? Panadzafikanso nthawi imene kutsogolo kwa dzinali kunali Le Meridien, dzina la ku France, kenako Sunbird. Kampani ya Sunbird inalowa pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2002, ndipo gawo lalikulu la masheya ake ndi la boma. Kunena kwina, pamapepala, iwe ndi ine tili ndi kachigawo kathu m'menemo. Mu 2021 kampaniyi inatsegula ina pambali pomwepo, Sunbird Waterfront, yamagalasi ndi dziwe losambira. Dziwe pambali pa nyanja, eti! Koma amadziwa makasitomala awo: ambiri a m'tauni satha kusambira ndipo mafunde a mwera amawaopa, chomwe akufuna ndi chithunzi choika pa Facebook, nyanja ili kumbuyo.

Dzina lomwe limandikhudza kwambiri ndi Lake of Stars, nyanja ya nyenyezi. Nkhani imene amauza alendo ndi yoti Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859, anaona miyuni ya asodzi usiku ikuthwanima ngati nyenyezi. Nyenyezi zimenezo ndi ife. Ndi siginala ali yekhayekha m'bwato pakati pa usiku, wayatsa nyali kuitana usipa, alovi akudikira kuponya chilimira. Bambo anga mphepo ya mwezi wa June ankaimva m'mafupa, osadziwa kuti munthu wina ali pakhonde la hotela ndi botolo lozizira akuwaona ngati chokongoletsa. Dzinali linakhala la chikondwerero cha nyimbo chomwe chinayambira ku Chintheche, n'kudzachitikira ku Senga Bay mu 2008, komanso ku Kabumba Hotel ku Leopard's Bay mu 2018. Sindikudandaula ayi, chinabweretsa ndalama, anyamata anagulitsa ziboliboli. Ndikungonena kuti nyali zinali zathu, dzina n'kukhala la ena.

Amene anasinthadi nkhope ya gombeli, m'kuona kwanga, ndi malemu Soldier Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024. Sand Music Festival yake inabwera kangapo pamchenga wa Livingstonia, n'kubweretsa oimba ngati Busy Signal wa ku Jamaica ndi Diamond Platnumz wa ku Tanzania. Iyeyu sankadikira mzungu. Ankaitana Mmalawi wa ku Area 25, wa ku Kawale, wa ku Ndirande, amene wasunga kangachepe miyezi iwiri. Malo aja agogo ankalowera kuseri anadzaza zidzukulu zawo zikulowera kutsogolo, kachingwe ka tikiti kali padzanja. Ndipo taonani mmene mitengo ya zikondwerero zotere imayendera: ukagula msanga umachotseredwa, ukagulira pageti umalipira zambiri, ndipo pali VIP ya amene akufuna kuti anzawo awaone kuti ali ku VIP.

Nkhani ya mitengo ndiyofunika tiimvetse, makamaka inu amene mukulota zotsegula kamalo kanu. Mchenga umodzi umagulitsidwa pamitengo itatu. Pali wogona m'chipinda, amene amalipira ndalama yoti msodzi angagulire mafuta a injini maulendo angapo. Pali wogona mutenti. Ndiye pali wa tsiku limodzi, wolipira pageti m'mawa n'kubwerera madzulo. Eni malo ambiri amawasiyanitsa ndi mpanda kapena chingwe, chifukwa wa m'chipinda walipira bata, pamene wa pageti wabwera ndi sipika yake. Ndalama ya pageti ili ndi ntchito ziwiri: kusonkhanitsa makwacha, komanso kusefa anthu. Ikatsika kwambiri, wa m'chipinda amathawa. Ikakwera kwambiri, maminibasi a pa Khirisimasi, pa Nyuwere ndi pa Tsiku la Anakubala, 15 October, amakaima kwa mnzako. N'chifukwa chake m'malo ena amalipiritsanso kulabokosi. Amadziwa kuti phindu silili pageti koma pa zakumwa ndi chambo cha tchipisi, ndiye ukabwera ndi zako wawadyera.

Si kuno kokha. Ku Blackpool ku England kuli malo otchuka amasewera m'mphepete mwa nyanja, Pleasure Beach, omwe anayamba mu 1896. Kwa zaka zoposa 100 kulowa kunali ulere, munthu ankalipira akafuna kukwera chinthu. Mu 2009 anaika mtengo wolowera, ndipo anthu a m'deralo anang'ung'udza ngati mmene timachitira ife. Abale athu a ku Joni angakuuzeninso za magombe a ku Durban, omwe nthawi ya tsankho ankagawidwa potengera khungu, zikwangwani zili poyera.

Koma chinsinsi china n'chakuti mahotela akuluakulu a kuno sadalira kwenikweni osambira a Loweruka. Amadalira misonkhano ya pakati pa sabata, ya boma ndi mabungwe, anthu atavala mataye m'chipinda chozizira, nyanja akuionera pawindo. Boma likangolengeza kuti pofuna kusunga ndalama misonkhano ya kunyanja yaimitsidwa, ululu umafika mpaka kwa mayi wogulitsa tomato pa Kamuzu Road ndi mnyamata wa kabaza. Onjezani kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Kwa mlendo wa madola gombe lathu linatchipa tsiku limodzi. Kwa mphunzitsi wa ku Lilongwe wobwera ndi ana anayi, linatalikira.

Nanga ife tili pati? Chambo chomwe alendo amachifunsa asanakhale n'komwe pansi chimachoka m'manja mwathu chopanda dzina, n'kukapeza dzina ndi mtengo wina pambale. Timbuna tomwe tinkataya tikakodwa muukonde, malemu Stuart Grant anatiikira malo ku Kambiri n'kumatitumiza kunja kwa oweta nsomba m'magalasi. Anyamata a maboti opita ku chilumba cha Namalenje amatsitsirana mitengo okhaokha pamaso pa mlendo mpaka wina amanyamuka ndi ndalama yosakwana mafuta. Chikhalirecho geti lenileni lakale tili nalo ifeyo. Ku Mbenji, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, a Makanjira amatseka chilumba nyengo ya dzinja kuti utaka uswane, n'kudzatsegula mu April ndi mwambo, ndipo mowa ndi juga sizilolodwa kumeneko. Asodzi amachokera kutali kudzadikira tsiku lotsegulalo, popanda chikwangwani kapena kulengeza pawailesi.

Mu 2024 munaona nokha mmene nyanja inakwerera. Kuno ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, madzi anameza mchenga, analowa m'mabala ndi m'zipinda za malo ambiri ogona alendo, eni ake ali kalikiliki kuunjika matumba. Ena mwa achinyamata athu anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba kufikira madzi ataphwa. M'malo ena geti linalipo, mlonda analipo ndi kabuku kake ka malisiti, koma kuseri kwake kunalibe pokhala. Ifenso mathandala oyanikapo usipa tinawakokera kumtunda, pafupi ndi mipanda ya eni malo, ndipo kumeneko mkangano wa malire unayambiranso.