Ngongole m'Chisilamu: kukongola, kukongoza ndi kubweza

Palibe khomo losadziwa ngongole. Wina watenga sopo ndi mchere pa okala kuti adzalipira mwezi ukatha, wina wakongola ndalama ya fizi sukulu zikutsegulira, wina thumba la feteleza mvula yoyamba itagwa. Tonse tinaonapo anthu awiri amene ankaima mzere umodzi pa Swala, phewa ndi phewa, atasiya kupatsana salamu chifukwa cha K20,000. Ngongole ndi malo amene chikhulupiriro cha munthu chimaonekera poyera, kwa wokongola ndi kwa wokongoza yemwe. Pano tasonkhanitsa malamulo ake akuluakulu pamodzi ndi mafunso amene timakumana nawo kwathu kuno.

Tanthauzo lake

Ma ulama amasiyanitsa mawu awiri a Chiarabu. Qardh ndi kupereka chuma kwa munthu kuti agwiritse ntchito ndipo adzabweze chofanana nacho. Dayn ndi chilichonse chimene chatsalira pakhosi pa munthu kuti apereke: ndalama yokongola, mtengo wa katundu amene watenga asanalipire, lendi ya nyumba, malipiro a waganyu, ngakhale mahari amene mwamuna analonjeza mkazi wake pa tsiku la nikah koma sanapereke. Ambiri a ife timaiwala kuti mahari otsalira ndi ngongole yeniyeni, ndipo siifufutika chifukwa choti banja lakhalitsa.

Kodi kukongola ndi tchimo?

Ayi. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ankakongola. Imam Bukhari akusimba kuti iye anamwalira chovala chake chachitsulo cha kunkhondo chili pa chikole kwa Myuda wina, chifukwa cha miyeso 30 ya balere amene anatengera banja lake. Choncho wokongola chifukwa cha chakudya, mankhwala, sukulu kapena mpamba wa geni asadzione ngati wonyozeka.

Komabe mayi Aisha (Allah asangalale nawo) anaona kuti Mtumiki (SAW) ankapempha kawirikawiri chitetezo cha Allah ku ngongole. Atafunsidwa chifukwa chake, anafotokoza kuti ngongole imafikitsa munthu ponama akamayankhula ndi pophwanya malonjezo. Izi tonse timazidziwa: "ndibwera mawa", "foni inazima", "uwauze kuti kulibe". Munthu amene sananamepo amayamba kuphunzira bodza tsiku lobweza likakwana. N'chifukwa chake tisanakongole tizidzifunsa mafunso awiri: kodi chinthuchi ndi chofunikadi, nanga ndalama yobwezera idzachokera kuti? Kukongola kuti tikhale ndi chovala chatsopano pa Eid, kapena kuti ukwati wa mwana wathu upose wa anzathu, ndi kudzimanga chingwe tokha.

Kulemberana ndi mboni

Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka sikamba za Swala kapena Hajj, koma za ngongole. Imeneyi ndi ndime 282 ya Surah Al-Baqarah. Ikulangiza okhulupirira kuti ngongole ya nthawi yodziwika ilembedwe, wolembayo alembe mwachilungamo, ndipo wotchula zolembedwazo akhale wokongolayo, popeza ndiye akuvomereza zimene zili pakhosi pake. Ikutchulanso za mboni, amuna awiri kapena mwamuna mmodzi ndi akazi awiri, komanso ikuchenjeza za ulesi wolemba, kaya ngongoleyo ndi yaing'ono kapena yaikulu. Ndime 283 ikuloleza chikole pamene anthu ali pa ulendo ndipo palibe wolemba.

Ma ulama ambiri akuti kulembaku ndi chilimbikitso champhamvu osati chikakamizo, moti ngongole yosalembedwa ndi ngongole ndithu. Koma vuto lathu ndi manyazi. Timaona ngati kutulutsa pepala pamaso pa achimwene kapena amalume ndi kuwayesa akuba. Zoona zake n'zakuti pepala limateteza chibale. Munthu amaiwala, munthu amamwalira, ndipo otsala sadziwa zimene awiri anagwirizana kuseri kwa nyumba. Papepalapo pakhale mayina, kuchuluka kwa ndalama, tsiku lokongola, tsiku lobweza ndi mboni. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umangosonyeza kuti ndalama yatumizidwa, sunena ngati inali ngongole kapena mphatso. Tikatumiza, titsatize uthenga wonena momveka, ndipo winayo ayankhe kuvomereza.

Riba

Lamulo lalikulu la qardh n'lakuti wokongoza alandire zimene anapereka basi. Chowonjezera chilichonse chimene chaikidwa ngati lamulo la ngongoleyo ndi riba, ndipo riba ndi haramu. Surah Al-Baqarah ndime 275 ikusiyanitsa malonda, amene ndi ololedwa, ndi riba, imene ndi yoletsedwa. Ndime 278 ndi 279 zikulamula kusiya riba yotsalira, ndi kuti wolapa atenge mpamba wake wokha. Pa Hajj yotsanzikana, m'chaka cha 10 chisamukire ku Madina, chomwe ndi 632, Mtumiki (SAW) anathetsa riba yonse ya nthawi ya umbuli, ndipo anayambira pa banja lake: riba ya Abbas bin Abdul Muttalib, m'bale wa bambo ake. Imam Muslim akusimba kuchokera kwa Jabir (RA) kuti tchimoli limagwera wolandira, wopereka, wolemba ndi mboni zomwe.

Katapila ndi riba yoonekeratu: wapatsidwa K50,000, ubweze K75,000 mwezi ukatha, ukalephera iwonjezekenso. Chindapusa cha ndalama chimene wokongoza amadya chifukwa chakuti mnzake wachedwa kubweza chili m'gulu lomwelo, ndipo ndi mmene riba ya Aarabu akale inkakulira.

Chimene chili chololedwa ndi mphatso imene wobweza wapereka mwa kufuna kwake, popanda kugwirizana kapena kuyembekezera. Mtumiki (SAW) anakongolapo ngamira yaing'ono, ndipo pobweza analamula Abu Rafi' (RA) kuti apereke yaikulu ndi yabwino kuposa ija.

Mafunso a kwathu kuno

*Chipereganyu ndi banki nkhonde.* Pa chipereganyu anthu khumi amasonkha ndalama yofanana mwezi uliwonse n'kumapatsa mmodzi mmodzi, ndipo pomaliza aliyense walandira zomwe anaponya. Ma ulama ambiri a masiku ano amaloleza zimenezi. Banki nkhonde imene imakongoza ndalama ndi chiwongoladzanja n'kugawana phindulo pakutha pa chaka ili ndi riba, ngakhale okongozanawo ndi mamembala okhaokha. Gulu la amayi kapena abambo lingathe kusunga ubwino wosonkherana n'kuchotsa ribayo: lizikongozana popanda chowonjezera, ndipo phindu lizichokera ku malonda enieni, monga kugula mpunga kapena mtedza n'kugulitsa, pogawana phindu ndi kuluza komwe.

*Chimanga cha mu Januwale.* Kupatsa munthu ndowa ya chimanga nthawi ya njala kuti adzabweze ndowa ziwiri kapena thumba akakolola ndi riba, ngakhale palibe ndalama imene yagwiridwa. Ndowa imabwezedwa ndi ndowa. Njira yololedwa kwa wamalonda ndi imene imatchedwa salam: kulipiriratu ndalama yonse lero pogula mbewu ya mtundu wodziwika, muyeso wodziwika, yodzaperekedwa pa tsiku lodziwika. Mtumiki (SAW) anapeza anthu a ku Madina akuchita malonda otere pa zipatso ndipo anawaikira malire amenewa. Koma wogulayo aope Allah pa mtengo, asapezerepo mwayi pa njala ya mnzake.

*Munda wa pinyolo.* Chikole ndi chitsimikizo chabe, mwini wake ndi wokongola uja. Wokongoza akamalima munda wa chikole chaka ndi chaka, kudya zokolola zake, kenako n'kulandiranso ndalama yake yonse, ndiye kuti ngongole yamubweretsera phindu, ndipo ma ulama amaliwerengera phindu lotere m'gulu la riba. Ngati akufuna mundawo, achite lendi pa mtengo wake weniweni.

*Mtengo wa pang'onopang'ono.* Wogulitsa akanena kuti njinga ndi K200,000 polipiriratu koma K240,000 polipira miyezi isanu ndi umodzi, ma ulama ambiri amaloleza, bola awiriwo asankhe mtengo umodzi asanasiyane, ndipo usadzakwerenso wogula akachedwa.

*Kwacha ikagwa.* Ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anakongoza zisanachitike izi anadandaula kuti akubwezeredwa ndalama yosagula zomwe inkagula. Bungwe la ma ulama la Majma' al-Fiqh al-Islami, pa msonkhano wake wa ku Kuwait mu 1988, linagamula kuti ngongole ibwezedwe pa chiwerengero chake chomwecho, osati motsatira kukwera kwa mitengo. Ena, potsatira maganizo a Imam Abu Yusuf, wophunzira wa Imam Abu Hanifa, amaona kuti mphamvu ya ndalama iganiziridwe ikasintha kwambiri. Chotetezeka n'chakuti wokongoza asalamule chowonjezera, koma wobweza, makamaka amene anachedwetsa dala, akumbukire ngamira ija n'kuwonjezera mwa ufulu wake.

Khalidwe la wokongola

Bukhari ndi Muslim onse akusimba kuti Mtumiki (SAW) anatcha kuzengereza kwa munthu amene ali nazo zobwezera kuti ndi kupondereza. Wogula foni yatsopano ali ndi ngongole ya mayi wogulitsa tomato, imene tsiku lake linapitirira, akudya thukuta la mayiyo. Wolephera moona asathawe. Apite yekha tsiku lisanakwane, anene zoona, apereke kochepa kamene ali nako, apemphe tsiku lina. Chimene chimapweteka wokongoza nthawi zambiri si kuchedwa kwa ndalama, koma kuona mnzake akukhota njira akamuona. Pobweza pa foni, tionetsetse kuti mwini ndalama walandira yonse, isadukeko ndi ndalama yotumizira.

Khalidwe la wokongoza

Surah Al-Baqarah ndime 280 ikulamula kumudikira amene ali pa mavuto mpaka atapeza, ndipo ikusonyeza kuti kumukhululukira ndi kwabwino koposa. Tsiku lina Ka'b bin Malik (RA) ankalonjerera ngongole yake kwa Ibn Abi Hadrad (RA) mu mzikiti mpaka mawu anakwera. Mtumiki (SAW) anasuzumira kuchokera m'chipinda chake, nakodola Ka'b kuti achotse theka. Ka'b atavomera, Mtumiki anauza winayo kuti anyamuke akabweze chotsalacho. Mmodzi anafewetsa mtima, wina anafulumira kubweza, mlandu unathera pomwepo. Kulonjerera ndi ufulu wathu, koma kunyoza munthu pamaso pa ana ake kapena kumulengeza pa gulu la WhatsApp pamene tikudziwa kuti alibe si khalidwe la Msilamu. Kupatsa n'kuika: amene tamudikira lero ndi amene adzatidikire mawa.

Tikumbukirenso kuti amene alemedwa ndi ngongole ndi gulu limodzi mwa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira Zakaat, monga ikunenera Surah At-Tawbah ndime 60. Koma malinga ndi ma ulama ambiri, munthu sangafufute ngongole imene yamukanika kutolera n'kuiwerengera ngati Zakaat yake.

Ngongole ya womwalira

Imfa siithetsa ngongole. Surah An-Nisa ndime 11 ndi 12 zikuika kugawa chuma chamasiye pambuyo pa ngongole ndi wasiya. Imam Muslim akusimba kuti ngakhale wofera pa njira ya Allah amakhululukidwa zonse kupatula ngongole. Nthawi ina Mtumiki (SAW) anakana kuswalira janaza ya munthu wangongole mpaka Abu Qatadah (RA) atalonjeza kuti abweza ndi iye.

Chitsanzo chimene timachikonda ndi cha Zubair bin Al-Awwam (RA), amene anamwalira m'chaka cha 656. Asanamwalire anaitana mwana wake Abdullah n'kumuuza kuti nkhawa yake yaikulu ndi ngongole. Itawerengedwa inakwana 2,200,000 ya ndalama za nthawi imeneyo. Abdullah anagulitsa malo a bambo ake n'kubweza onse odziwika. Abale ake atapempha kuti agawane zotsala, iye anakana mpaka atalengeza pa nyengo ya Hajj zaka zinayi zotsatizana kuti aliyense amene Zubair anali naye ngongole abwere. Zitatha zaka zinayizo ndi pamene chuma chinagawidwa.

Kwathu kuno timamva chilengezo chonga chimenechi pa maliro, kuti amene malemu anali nawo ngongole aonane ndi akubanja. Chisakhale chongokwaniritsa mwambo. Abale asayambe kugawana mbuzi, njinga ndi malata, kapena kuwononga ndalama pa chakudya cha sadaka, wogulitsa pa okala uja asanalandire zake.

Tisadikire kuti ana athu adzafufuze. Usiku uno aliyense atenge kope, alembe amene ali nawo ngongole ndi amene anawakongoza, auze mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana wamkulu pamene kopelo likukhala. Ngati pali dzina limene takhala tikulizemba, mawa tikagogode pakhomo pake. Pa nkhani yokhala ndi mbali zambiri, tifunse sheikh wodziwa malamulo a malonda tisanasaine chilichonse.

Tikupempha Allah atikwaniritse ndi za halali, atitalikitse ku riba, awapeputsire onse olemedwa ndi ngongole, ndipo atitenge tilibe cha munthu pakhosi pathu. Ameen. Allah ndiye Wodziwa koposa.