Mlandu Umatsata Dzina: Mbiri ya Chindapusa cha Msonkho mu Lusaka

Wamalonda wa ku Kabwata kapena ku Chelstone akauzidwa ndi bungwe la Zambia Revenue Authority (ZRA) kuti alipire chindapusa chifukwa mafomu a msonkho anafika mochedwa, kawirikawiri amadandaula kuti malisiti onse anawapereka kwa akauntanti wake nthawi ikadalipo. Dandauloli ndi lomveka, koma mbiri ya msonkho m'dziko la Zambia imaphunzitsa chinthu chimodzi chowawa: ntchito yowerengetsa yakhala ikuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, pamene mlandu sunachokepo pa dzina lolembedwa m'kaundula wa boma.

Kampani ya British South Africa itayambitsa msonkho wa nyumba ku North-Eastern Rhodesia mu 1901, ndi ku North-Western Rhodesia mu 1904, wowerengetsa anali boma lenilenilo. Mafumu ankasonyeza anthu awo, amesenjala n'kumatolera, ndipo wolephera kukhoma ankagwidwa, kutsekeredwa kapena kugwiritsidwa ntchito yokakamiza. Kusaka ndalama ya msonkho kunachotsa amuna ambiri m'midzi, ena kupita ku migodi, ena ku Lusaka, mzinda womwe unakhala likulu mu 1935. Antchito achikuda anawamangira tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ku Kabwata, pamene madera ngati Woodlands ndi Kabulonga anakula ngati malo a azungu. Akauntanti panthawiyo anali wa makampani ndi masitolo akuluakulu a mumsewu wa Cairo. Wantchito wamba analibe mkhalapakati. Iye ndi boma ankaonana maso ndi maso.

Ufulu utabwera mu 1964, eni dziko anayamba kulowa m'malonda ndi m'ntchito yosunga mabuku a ndalama, ndipo lamulo la 1982 linakhazikitsa bungwe la ZICA loyang'anira maakauntanti. Kusintha kwakukulu kunadza pambuyo pa 1991, boma la Frederick Chiluba litayamba kugulitsa makampani a boma. Ambiri amene anachotsedwa ntchito anatsegula mabizinesi awoawo. ZRA inayamba ntchito mu 1994, msonkho wa VAT unalowa mu 1995, ndipo mu 2004 kunabwera msonkho wa amalonda ang'onoang'ono wowerengedwa pa zonse zimene agulitsa. Boma linasiya kuwerengetsera munthu. Linayamba kumuuza kuti adziwerengetsere yekha, alembe fomu, alipire tsiku lisanadutse. Msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito umafunika pofika pa 10 mwezi wotsatira, wa VAT pofika pa 18. Wogulitsa simenti kapena mwini sukulu ya mkaka sakanatha kusunga masiku onsewa, choncho akauntanti anasanduka munthu wofunika ngakhale kwa wagolosale. Kuyambira mu 2013, pomwe TaxOnline inayamba, kupereka fomu kunachoka pa mzere wa ku ofesi ya ZRA ya Revenue House n'kupita pa intaneti, ndipo kompyuta imalemba tsiku limene fomu yafika popanda kumva chifukwa chimene yachedwera.

Ena anganene kuti n'kupanda chilungamo kulanga munthu amene analipira katswiri kuti amugwirire ntchito. Mawuwa ali ndi mphamvu, makamaka kwa wamalonda wamng'ono amene phindu lake la mwezi lingathere m'chindapusa ndi chiwongoladzanja. Komabe ZRA sinapangane kanthu ndi akauntanti. Imadziwa mwini TPIN, nambala ya wokhoma msonkho. Lamulo likanalola kuti aliyense azipulumuka poloza wotumidwa, wozemba msonkho ndi wolakwiridwa akanamayankhula chimodzimodzi, ndipo wokhoma mokhulupirika ndiye akanasenza katundu wa onse. Chimene mbadwo uno uli nacho, chomwe agogo ake analibe, ndi njira zodandaulira. Munthu angathe kulembera ZRA kupempha kuti imuchotsere chindapusa, ataonetsa umboni wa tsiku limene anapereka mabuku. Ngati akutsutsa chigamulo, pali bwalo la Tax Appeals Tribunal, lomwe lamulo la 2015 linaliika m'malo mwa Revenue Appeals Tribunal. Akauntanti wonyalanyaza angathe kunenezedwa ku ZICA ngati ndi membala, kapena kusumiridwa kukhoti kuti abweze zimene zawonongeka.

Enanso amati palibe chifukwa chofulumirira, popeza boma limakhululuka, monga linachitira mu 2017 ndi mu 2022 pochotsa zindapusa ndi chiwongoladzanja. Koma chikhululukocho chinali cha amene analipira kapena kulonjeza kulipira msonkho weniweniwo, ndipo palibe lamulo lonena kuti chidzabweranso liti. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo wa msonkho umachita kukula mwezi ndi mwezi.

Choncho wanzeru amayamba wapereka mafomu otsalawo ndi kulipira msonkho, kenaka n'kudandaula za chindapusa. Amalemba ntchito akauntanti wodziwika ku ZICA, amachita naye pangano lolembedwa lotchula amene adzalipire pakachedwa, amasunga yekha nambala yachinsinsi ya TaxOnline, ndipo mwezi uliwonse amafuna kuona umboni wakuti fomu yalandiridwa. Nawo maakauntanti ayenera kuvomera kuti ulemu wa ntchito yawo udzakula pokhapokha wochedwetsa mafomu a anthu akamasenza yekha mtengo wa kuchedwako.