Zimene Linux inaphunzira pa nthambi zoyeserera

Kuyambira pamene Linux 1.0 inatuluka mu 1994, Linus Torvalds ndi anzake ankagawa ntchito yawo pawiri. Nambala yachiwiri ikakhala yogawika ndi 2, monga 2.0, 2.2 kapena 2.4, imeneyo inali kernel (phata la Linux) yokhazikika yoti anthu azidalira. Ikakhala yosagawika, monga 2.1, 2.3 kapena 2.5, inali nthambi yoyeserera, kumene olemba mapulogalamu ankaphwasula ndi kumanganso mwakufuna kwawo. Nzeruyi inkaoneka yabwino, koma mbiri yake imatiphunzitsa kuti nthambi yoyeserera imapindula pokhapokha ikamasungidwa ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndiponso zimene zapsa kumeneko zikamalowa msanga mu kernel yaikulu.

Umboni wake uli pa 2.5. Nthambiyi inatsegulidwa kumapeto kwa 2001, koma 2.6.0 inafika mu December 2003. Pa zaka ziwirizo anthu wamba sankaikhudza chifukwa inkasweka kawirikawiri, choncho zolakwika zinkaunjikana popanda woziona. Makampani ogulitsa Linux analephera kudikira, mwakuti ankazula zatsopano mu 2.5 n'kumazisomeka mu 2.4 yawo, ndipo aliyense anatsala ndi kernel yosiyana ndi ya mnzake. Mbande zikakhalitsa pa nazale zimavuta kugwira poziwokera, ndipo n'zimene zinkachitikira ntchito yokhalitsa panthambi. Mu 2004 atsogoleri a Linux anagwirizana kuti 2.7 isatsegulidwe. Zoyeserera zinayamba kudzera kwa Andrew Morton, yemwe ankazisonkhanitsa mu nthambi yake ya -mm. Mu 2005 Torvalds analemba Git, imene inapeputsa ntchito yophatikiza nthambi, ndipo kunabwera mwambo wa masabata awiri olandira zatsopano, otsatiridwa ndi masabata angapo okonza zolakwika zokha. Mu 2008 Stephen Rothwell anayambitsa linux-next, kumene nthambi za magulu osiyanasiyana zimaphatikizidwa ndi kuyesedwa pafupifupi tsiku lililonse la ntchito. Wina akasintha dzina la function imene mnzake akuigwiritsa ntchito, mawa lake amapeza uthenga womuuza kuti kernel yakana kumangika, nkhani ikadali yatsopano m'mutu mwake.

Ena amatsutsa kuti kuyeserera kumafuna ufulu, ndipo munthu woopa kuswa zinthu sangapeze chatsopano. Amatchula EGCS, imene inapatuka ku GCC, chida chomangira mapulogalamu (compiler), mu 1997 n'kukula mwamsanga mpaka inasanduka GCC yovomerezeka mu 1999. Komatu EGCS inapambana chifukwa inkatulutsa ntchito yake pafupipafupi ndipo anthu ankaigwiritsadi ntchito. Ena amati ntchito zina n'zazikulu moti sizingamalizidwe m'masabata ochepa, ndipo apa akunena zoona. PREEMPT_RT, yothandiza Linux kuyankha pa nthawi yake yeniyeni, inakhala kunja zaka pafupifupi 20 isanalowe mu kernel 6.12 mu 2024. Chimene chinaisunga yamoyo n'chakuti eni ake ankaisamutsira pa kernel zatsopano mosatopa, kwinaku akulowetsa zidutswa zake chimodzi ndi chimodzi.

Choncho ufulu woyeserera uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi ntchito yotopetsa yophatikiza, kumanga ndi kuyesa. Gulu lililonse lotsegula nthambi yoyeserera liyambe lapeza munthu woisamalira tsiku ndi tsiku, chifukwa ikasowa mwini imangowononga khama la anthu amene anadzipereka kuilemba.