Kafukufuku

Mukatchula mawu akuti kafukufuku pang'onopang'ono, mumva "kufukula" mkati mwake, monga imachitira nkhuku pofukula pansi kufuna chimene maso sakuona. Pa sayansi, kafukufuku ndi kufunafuna yankho mwadongosolo: kufunsa funso, kuyeza, kulemba zimene wapeza, kenako kulola anzako atsutse ngati angathe. Amasiyana ndi kufufuza wamba. Wofufuza mbuzi yosokera akaipeza ntchito yatha, koma yankho la kafukufuku limabala funso lina.

Chitsanzo cha wochita kafukufuku ndi malemu Pulofesa Malcolm Molyneux, dokotala wa ku Britain amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mtima wawo unali pa malungo a mu ubongo, amene amakomola ana. Mu 1989, iwo pamodzi ndi a Terrie Taylor ndi anzawo ena anafalitsa muyeso wotchedwa Blantyre Coma Score. Dokotala amaona ngati mwana akutsatira chinthu ndi maso, mmene akulirira, ndiponso ngati akuthawitsa dzanja akamva ululu, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. A Molyneux anamwalira mu 2021, koma muyesowu ukugwiritsidwabe ntchito m'mayiko ambiri kumene kuli malungo.