Ntchito ya actuary polangiza za ndalama za penshoni

Mwana akamakhoza masamu, makolo ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota timaganiza za udokotala kapena uinjiniya. Koma pali ntchito ina yomwe sitiitchula kawirikawiri, ya actuary. Ameneyu ndi katswiri wowerengera zinthu zosadziwika za mtsogolo: anthu adzakhala zaka zingati atapuma ntchito, mitengo ya zinthu idzakwera motani, ndiponso ndalama zoyenera kusungidwa lero kuti mawa zidzakwane.

Ena mwa akatswiriwa amagwira ntchito ku inshulansi, ena amalangiza oyang'anira thumba la penshoni. Kuno ku Malawi, lamulo limakakamiza wolemba ntchito kusonkha K10 pa K100 iliyonse ya malipiro a wantchito, pomwe wantchitoyo amasonkha K5. Ndalamazi sizingokhala. Zimagula masheya pa Malawi Stock Exchange, zimabwereketsedwa ku boma, zina zimamanga nyumba zochititsa lendi. Mlangizi amawerengera kuti mbali iliyonse ilandire zingati, amathandiza kusankha kampani zoyendetsa ndalamazo ndi kuziwunika. Akalakwitsa, amene amalira ndi gogo wopuma ntchito komanso amasiye.

Njira yake imayambira ku sekondale, pomwe masamu ayenera kukhala amphamvu pa MSCE. Kenako munthu amatenga digiri ya masamu, ya statistics kapena ya actuarial science, yomwe imaphunzitsidwa m'mayunivesite ngati a Cape Town, Pretoria ndi Stellenbosch. Komabe digiri payokha simupanga munthu kukhala actuary. Ayenera kulemba mayeso a bungwe la akatswiri monga Actuarial Society of South Africa kapena Institute and Faculty of Actuaries la ku Britain, lomwe lidapangidwa mu 2010 pophatikiza mabungwe awiri akale, la ku London la 1848 ndi la ku Edinburgh la 1856.

Ambiri amalemba mayesowa ali pantchito. Amayamba ngati analyst m'kampani zolangiza ngati Mercer, Aon kapena Alexforbes, kukonza ziwerengero ndi malipoti masana, n'kumawerenga usiku. Akakhoza mayeso oyambirira amakhala Associate. Wofuna kukhazikika pa zoyendetsa ndalama amasankha mapepala a SP5 ndi SA7 a bungwe la ku Britain lija, ndipo akamaliza zonse amakhala Fellow. Pamenepo amayamba kukhala pamisonkhano ya oyang'anira penshoni n'kumapereka uphungu m'dzina lake. Ulendowu umatenga zaka, ndipo kulephera pepala n'kubwerezanso si chachilendo.

Funso la ife Asilamu ndi la riba, poti ndalama zambiri za penshoni zimapindula kudzera m'chiwongoladzanja. Mwana asanasankhe malo a ntchito, akhale pansi ndi masheikh odziwa malamulo a zachuma. Tidziwenso kuti luso lomweli likufunika m'njira za halaal. Inshulansi ya Chisilamu, takaful, idayamba ku Sudan mu 1979. Mu 2014 maboma a Britain ndi South Africa adagulitsa sukuk, zikalata zomwe phindu lake limachokera ku katundu weniweni osati ku ngongole. Ku Malaysia, thumba la penshoni la EPF lidatsegula gawo lotsata Shariah mu 2017. Zonsezi zimasowa anthu odziwa masamu ndi Deen pamodzi.

Choncho ngati mwana wanu, wamkazi kapena wammuna, amakonda masamu, musamufooketse. Mufunireni mabuku ndi mphunzitsi wabwino akadali ku Fomu 1, ndipo madrasa asaisiye.